Nyeleti ikalumpha, musaike ngwee pamutu pake

Galamafoni yabwelanso. Cinthu cimene ambili tinaciika m'gulu limodzi ndi nsimbi ya malasha ndi foni ya waya, lelo acinyamata akuciitanitsa pa intaneti, ena akutumizilidwa ndi abale a ku Johannesburg kapena ku London. Cimafika muno mu Livingstone m'katoni yonyezimila, pa basi yocokela ku Lusaka kapena kudzela pa mlatho wa Kazungula. Ku America, m'caka ca 2022 zimbale zakuda zija zinagulidwa kupambana ma CD, koyamba kucokela mu 1987, ndipo kamphepo kameneko kafika ndi kuno kwathu.

Koma cisangalalo ca galamafoni yatsopano kawili-kawili cimathela pa tsiku loyamba lomwelo. Munthu waika cimbale, watsitsa mkono, gitala yayamba kulila, mwadzidzidzi nyeleti yalumpha mizele itatu. Mwina yatelela kuthamangila pakati ndi phokoso lija lopweteka m'mano. Pamenepo sipasowa katswili wa pa komboni. Amangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Ikani cabe ka fifite ngwee pamutu apo, izaleka kujumpha. Ndiye mwamene tinali kucitila kudala." Malangizo amenewa ndi amene ndifuna kutsutsa lelo, cifukwa akuononga cuma cimene sitingacigulenso m'sitolo iliyonse.

Galamafoni ikafa mudzasunga ndalama, mudzagula ina. Nanga cimbale? Ambili amene amagula makina amenewa amatelo cifukwa ca katoni ija ili pansi pa bedi ya ambuya ku Maramba, ku Libuyu kapena ku Dambwa. M'zaka za m'ma 1970 zimbale zinali kudindidwa mom'muno m'Zambia, ku fakitale ya Teal Record Company ku Ndola, ndipo Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo inatulutsa oimba ambili. A Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zimenezo magulu anaphuka ngati bowa: WITCH ya a Jagari Chanda, Amanaz, Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi, ndi Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, imene inatenga dzina la mathithi athu omwewa. Pambuyo pake kunabwela kalindula ya a PK Chishala ndi Amayenge.

Fakitale ya ku Ndola ija inaleka kale kudinda. Zoona, kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inadindanso zina mwa nyimbozi, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga cidutswa ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kuciika m'nyimbo yake. Koma zimene zinadindidwanso ndi za magulu ochuka. Tuzimbale tung'ono-tung'ono twa 45, twa magulu amene anali kuimba m'mabala ndi m'mahotela, tambili palibe amene anatudindanso. Kamene kali m'nyumba mwanu kangakhale kamodzi mwa tocepa totsala padziko lonse. Mukakapala ndi nyeleti yolemedwa, nyimboyo yapita.

Cimene cimandiwawa n'cakuti tauni ino si yacilendo pa za makina. Muno munali fakitale ya mawailesi ya ITT Supersonic, munalinso Livingstone Motor Assemblers kumene anali kumanga motoka za Fiat. Makolo a ena a inu amene mukuwelenga izi m'basi anali kudya za waya ndi sikuludalaiva. Manje ife adzukulu tikakonze galamafoni ndi ngwee?

Tiyeni timvetse kaye nchito ya mkono. Mbali imodzi ya cimbale ili ndi mzele umodzi cabe, wozungulila kucokela kunja mpaka pakati, woonda ngati tsitsi. Nyimbo ili m'makoma awili a mzelewo. Nsonga ya nyeleti imayenda m'menemo ikugwedezeka, ndipo kabokosi kamene kamaigwila, kamene amati cartridge, kamasandutsa kugwedezekako kukhala mau. Nchito ya mkono ndi kukhazika nyeleti mu mzele ndi kulemela koyenela, n'kuilola kuti iyende yokha popanda kuikoka kapena kuikankha. Kulemela kumeneko n'kocepa kwambili. Nyeleti ya Audio-Technica AT-VM95E imafuna magilamu 2, ya Ortofon 2M Red imafuna 1.8. Ngwee imene mwaika pamutu ingathe kuwilikiza kulemelako. Kamphila kakang'ono kamene kamagwila ndodo ya nyeleti kamafooka, ndodoyo imagwada, ndipo nsonga imayamba kulima m'malo moyenda.

Wina adzati ndiye bwino tipepuze maningi kuti cimbale cisamve kuwawa. Nakonso n'kulakwa. Nyeleti yopepuka kwambili siikhazikika, imangogunda makoma a mzele uku ndi uku ngati basi yopanda anthu pa mseu wa mabampu, ndipo imaononga kupambana yolemelako pang'ono. Nambala yoyenela inalembedwa m'kabuku kamene kanabwela m'katoni, kaja timataya pamodzi ndi mapulasitiki. Safunsa anadya phula.

Conco nyeleti ikalumpha, yambani ndi zinthu zocititsa manyazi, cifukwa nthawi zambili vuto limakhala pamenepo. Galamafoni yatsopano imabwela ndi kapulasitiki kovindikila nyeleti. Anthu ambili amatsitsa mkono kacikalipo, n'kudabwa kuti ukungotelela pa cimbale popanda mau. Imabwelanso ndi kawaya kapena katepi komangila mkono kuti usagwedezeke paulendo. Cina ndi kandodo kokwezela ndi kutsitsila mkono. Kakapanda kutsika mpaka pansi, mkono umakhala ukutsamila pa kamtsamilo kake ndipo nyeleti imangokhudza cimbale pang'ono. Tsitsani kandodoko, weramani, muyang'ane m'mbali: payenela kuoneka kampata pakati pa mkono ndi kamtsamiloko.

Kenaka yang'anani pamene mwaikhazika. Matebulo athu ambili mwendo umodzi timaucilikiza ndi kabokosi ka macisa. Galamafoni ikapendekeka, mkono umathawila kumene kwatsika. Bwelekani levulo kwa omanga nyumba, kapena ikani kapu ya madzi pa tebulo muone ngati madziwo aima bwino. Ndipo musaikhazike pamwamba pa sipika kapena pa shelefu imodzi ndi sabufa. Besi ya kalindula ikagunda, tebulo imanjenjemela, nyeleti imatuluka mu mzele. Apo galamafoni ilibe mlandu.

Mukatha izi, funsani funso limene limalekanitsa vuto la cimbale ndi la mkono: kodi ikulumpha pati? Ngati ikulumpha pa malo amodzi-modzi a cimbale cimodzi, zinzake zikuimba bwino, ndiye kuti pa malopo pali kadothi kouma kapena cipsela. Pukutani ndi kansalu kofewa motsatila mizele, muyang'anenso kunsonga kwa nyeleti ngati kwaunjikana fumbi. Pocotsa fumbilo sewenzetsani kabulashi kofewa kucokela kumbuyo kubwela kutsogolo, osati cala. Ngati ikulumpha pa zimbale zonse, paliponse, ndiye kuti kulemela sikunaikidwe bwino. Koma ngati pa cimbale ciliconse imakakamila ikafika pa mtunda umodzi-modzi kucokela pakati, pali cimene cikugwila mkono: kamtsamilo kaja, kapena tumawaya twa mkati tumene twakokeka.

Tsopano pa kulemela. Yang'anani kumbuyo kwa mkono. Ngati kuli kansimbi kozungulila kokhala ndi mphete ya manambala, kamene amati counterweight, muli ndi mwai, cifukwa mungakonze nokha popanda kulipila munthu. Cotsani pulagi ku malaiti. Pambali pa mkono pali kabatani kolembedwa anti-skate, kaikeni pa 0. Masulani mkono, tsitsani kandodo kaja, mugwile mutu wa mkono ndi zala ziwili kuti nyeleti isagunde paliponse. Zungulizani kansimbi ka kumbuyo pang'ono-pang'ono mpaka mkono uyandame wokha mowongoka, osakwela osatsika, ngati sikelo ya pa msika imene ilibe kanthu. Apa m'pofunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukayandama, ubwezeleni pa cokhalila cake, muumange. Gwilani kansimbiko kuti kasasunthe, muzungulize mphete ya manambala yokha mpaka 0 ikhale pa kamzele ka pamwamba. Kenaka zungulizani kansimbi konse pamodzi ndi mphete yake, kulowela kutsogolo, mpaka pa nambala ya m'kabuku.

Apa m'pamene ambili amagwela. Amazunguliza mphete yokha kufika pa 2, kansimbi osasuntha, n'kumaganiza kuti aika magilamu 2. Mpheteyo ndi cikwangwani cabe, ilibe mphamvu iliyonse. Mkono umakhala ukali woyandama, ndipo ukautsitsa umauluka pa cimbale conse. Munthu n'kuyamba kutukwana amene anamugulitsa. Amene angathe, agule kasikelo kakang'ono ka manambala koyezela nyeleti, n'kochipa kuyelekeza ndi cimbale cimodzi.

Mukatha, bwelelani ku anti-skate. Cimbale cikamazungulila cimakokela nyeleti pakati, ndipo kabatani aka kamakokela mkono kunja pang'ono kuti nsonga ikhale pakati-kati pa mzele. Poyambila, kaikeni pa nambala yofanana ndi ya kulemela. Mkono ukamathawila kunja mukangoutsitsa, cepetsani. Ukamathamangila mkati, onjezelani.

Pali makina ena amene alibe kansimbi ka kumbuyo. Aja odziyendetsa okha, monga AT-LP60, kulemela kwake anaikilatu ku fakitale pa magilamu 3.5, ndipo palibe coti mukhudze. Vuto lao ndi lina: akagwedezeka paulendo, magiya a mkati amasokonezeka, ndiye mkono umanyamuka n'kubwelela nyimbo isanayambe, kapena umatsikila pakati pa cimbale. Coyamba onani kabatani ka saizi, kaja kolembedwa 7 ndi 12, ngati kakugwilizana ndi cimbale cimene mwaika. Ngati kali bwino, cotsani pulagi, kwezani mkono ndi kandodo kake, muzungulize gudumu lokhazikapo cimbale ndi dzanja kangapo, motsatila mmene wochi imayendela. Magiya amabwelela m'malo. Nzelu yomweyi ikuthandizani malaiti akapita nyimbo ili pakati, ndipo amene tinaona mdima wa 2024 madzi atacepa ku Kariba tidziwa kuti zimenezi si nthano. Mkono ukaima pakati pa ulendo wake musaukakamize ndi dzanja. Zungulizani gudumu, udzamaliza wokha.

Aja ooneka ngati kasutikesi, okhala ndi nyeleti yofiila ndi masipika mom'mo, ndinene mosabisa. Ndi okongola pa cithunzi ca pa Facebook, koma nyeleti yake imakanikiza ndi magilamu 5 kapena kupitilila, nsonga yake imatha msanga, ndipo masipika ake amagwedeza mkono wake womwe. Ngati ndiyo mwakwanitsa, imbilaniponi zimbale zatsopano zimene mungagulenso. Za ambuya zidikile.

Mau akamatuluka sipika imodzi cabe, kapena kukamamveka kung'ung'uza kosaleka, yang'anani pansi pa mutu wa mkono. Pali tumawaya tunai: kofiila, kobiliwila, koyela ndi ka buluu. Kamodzi kakamasuka, mbali imodzi imafa. Pa makina amene mutu wake umacoka, limbitsani mphete yomangila mutuwo. Kumbuyo kukakhala kawaya kena koonda kopita ku ampu, kamangeni pa sikulu yake, kung'ung'uza kudzatha. Ndipo amene mwalandila galamafoni kucokela ku America, welengani kacikwangwani ka kumbuyo musanailumikize. Malaiti athu ndi 230 V, a kumeneko ndi 120 V. Mungaiwotche nyimbo isanalile n'komwe.

Tsopano ndilankhule ndi inu anzanga a m'basi, cifukwa mavuto ambili a mkono amabadwila pa ulendo wocokela m'tauni kupita kunyumba. Mkono umazungulila pa tumabeling'i tung'ono kwambili. Kansimbi ka kumbuyo kakakhala pomwepo, bampu iliyonse ya pa mseu imakhala ngati nyundo pa tumabeling'ito. Musanakwele, cotsani kansimbiko mukaike m'thumba, mangani mkono pa cokhalila cake, vindikilani nyeleti. Ba kondakita akati "bweletsani tiike kumbuyo na masaka," kanani mwaulemu. Ikhazikeni pa miyendo, ngakhale mulipilile mpando wina. Zimbale nazo zinyamuleni coimilila ndipo zikhale kutali ndi windo. Dzuwa la mu Okutobala muno mulidziwa. Cimbale cosiyidwa pa dashibodi cimapindika ngati citumbuwa ca pa mbaula, ndipo cikapindika palibe mkono umene ungayendemo bwino.

Nanga ngati mwacita zonsezi koma vuto likalipo? Yesani komaliza. Pamene mkono ukuyandama, anti-skate ili pa 0, uuzileni mpweya pang'ono m'mbali. Uyenela kuyenda mofewa osakakamila. Ukamaima-ima panjila, kapena ukamagwedela pa tsinde pake mukaugwila, ndiye kuti tumabeling'i twaonongeka kapena tunabwela tolakwika. Apo lekani. Musathile mafuta a makina osokela, musamange masikulu a pa tsinde, ndipo musaipeleke kwa wokonza mafoni amene mankhwala ake ndi supa gulu. Mukaitsegula, wogulitsa adzati mwaononga ndinu. Bwezani ndi lisiti yanu.

Wogulitsa akakuonetsani cikwangwani cakuti katundu akatuluka sabwezedwa, musacite mantha. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa zikwangwani zotelo, limaletsanso kugulitsa katundu woonongeka, ndipo bungwe la CCPC lilipo kuti lilandile madandaulo. Koma inenso ndili ndi pempho kwa ogulitsa. Galamafoni si ketulo yoti munthu angolumikiza n'kumwa tiyi. Amene akugulitsa ayenela kudziwa kuyandamitsa mkono, aonetse wogula pa kauntala pomwepo, cimbale ciimbe mbali yonse ndalama zisanasinthe manja. Wogulitsa amene sadziwa kuti anti-skate n'ciani akugulitsa cinthu cimene sacidziwa. Ndipo inu oitanitsa kunja, dziwani kuti kubweza katoni ku London kungadye ndalama zofanana ndi mtengo wake. Funsani za kabwezedwe musanatumize ndalama.

Ndidziwa kuti wina pa mpando wa kumbuyo akuseka. Ati unga wadula, lendi ikudikila, uyu atiuza za magilamu awili? Nyimbo zonse zili pa foni, ndiye vuto n'ciani? M'bale wanga, pa za unga sindikutsutsani, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye ndiwo agule galamafoni. Koma si zoona kuti nyimbo zonse zili pa foni. Zimene zili pa intaneti zinafikapo cifukwa munthu wina anasunga cimbale kapena tepi bwino mpaka tsiku lojambulanso. Zimene palibe anasunga sizilipo. Ndipo ngakhale amene aganiza za ndalama cabe amve izi: osonkhanitsa zimbale a kunja amafuna-funa za Zamrock zoyambilila, ndipo mtengo umatsatila mmene cimbaleco cilili. Copalika ndi cosalala sizigulidwa mofanana. Ngwee ija mwaika pamutu wa nyeleti ikudya ndalama za banja lanu.

Winanso adzati, nanga amdala athu aja anali kuika ndalama pa nyeleti, zimbale zao sizinali kuimba? Zinali kuimba. Koma maledyogilamu a nthawi ija anapangidwa ndi nyeleti zolimba zozolowela kulemela, zosiyana ndi zofewa za lelo. Ndipo kamvetseleni zimbale zimene zinadutsa m'maphwando a ngwee amenewo. Gitala imamveka ngati ikulila m'mvula ya pa malata. Phokoso limenelo ambili timaganiza kuti ndiye kukoma kwa nyimbo zakale, pamene ndi mabala. Amdala aja anali ndi cifukwa: cimbale cikatha, anali kupita m'tauni kukagula cina. Ife tilibe kokagula.

Muno mukali amdala ena amene anakalambila pa benchi yokonzela mawailesi, mafoni asanawalande makasitomala. Afunseni ku msika, mudzawalozeledwa. Mukawapeza, apatseni ulemu ndi malipilo oyenela, ndipo mupite ndi mwana wanu akaone mmene amagwilila mkono wa galamafoni. Ndingakondwenso Livingstone Museum, imene yakhala ikusunga mbili ya dziko lino kucokela mu 1934, itaganizila zokhala ndi galamafoni imodzi yokonzedwa bwino, kuti anthu azibweletsa zimbale za m'nyumba zao zijambulidwe zisanathe. Tikusunga makalata a David Livingstone m'magalasi, nanga mau a oimba athu?

Pakali pano, nchito ili m'manja mwanu. Mukafika kunyumba madzulo ano, funani kabuku kaja, muwelenge nambala ya magilamu, muyandamitse mkono. Yesani kaye ndi cimbale cimene simungacilile, ndipo katoni ya ambuya muitsegule pokhapo nyeleti itayenda mbali yonse osalumpha. Ngwee ija mupatse ba kondakita mawa m'mawa, amavutika ndi chenji.